Mwana amatha liti kukhala mwana? Zomwe ndaona kuno ndi kwa anansi athu

Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato mu Limbe, ndipo bizinesi imeneyi yandiyendetsa. Katundu ndimakapikula ku Kyela ndi ku Mbeya kudzera pa Songwe, nthawi zina ku Chipata, ndipo kawiri pa chaka ndimakwera basi ya ku Joni pa Wenela, ija yodutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. M'basimo amayi timayamba ndi nkhani za mitengo ndi msonkho, koma ulendo ukatalika macheza amathera pa ana athu. Ndi mmene ndinadziwira kuti funso limodzi lomweli, loti mwana afike zaka zingati kuti lamulo limuone ngati wotha kuvomera zogonana, dziko lililonse linaliyankha mwakemwake.

Chomwe chandilembetsa ndi zomwe zinachitika pa mzere wa nyumba zathu ku Bangwe. Tsiku lina mbandakucha mnansi wanga anagogoda pawindo, mpango uli m'manja, nsapato sanavale. "Achemwali, dzukani, mwana uja amutenga apolisi." Mwana wake anali ndi zaka 17, ali Fomu 3. Chibwenzi chake chinali mtsikana wa zaka 16 wa Fomu 2, ndipo tonse pamzerepo tinkawaona akuperekezana pochokera kusukulu. Mimba itadziwika, amalume a mtsikanayo anatchula ndalama. Mayi ake a mnyamata amagulitsa mandasi, ndalamazo analibe. Nkhani inapita kupolisi, ndipo mnyamatayo anagona mchitokosi masiku atatu.

Ambiri sitinazolowerebe kuti lamulo lathu linasintha. Kale mlandu wogwirira mwana unkawerengedwa ngati mtsikanayo sanakwane zaka 13. Mu 2011 zaka zinakwera kufika 16. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loti munthu akwatire kapena kukwatiwa atakwana zaka 18, ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, makolo sangamuvomerezenso ukwati. Kenako mu 2023 gawo 138 la malamulo a milandu linakonzedwa kuti ligwirizane ndi zimenezi: kugona ndi mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu womwe chilango chake chikhoza kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse, ndipo tsopano mwana wamwamuna naye ndi wotetezedwa. Mayi wamkulu wonyengerera kamnyamata ali ndi mlandu chimodzimodzi.

Koma m'lamulo la 2023 lomwelo muli kachigawo komwe anthu ochepa amakadziwa. Ngati woimbidwa mlanduyo naye ndi mwana, ndipo awiriwo sakusiyana zaka zoposa ziwiri, komanso panali kugwirizana, mwanayo ali ndi podzitetezera kukhoti. Mnyamata wa pamzere wathu anapulumukira pamenepa. Amayi ake anachita kufukula m'sutikesi khadi la kusikelo lomwe linali litayamba kudyedwa ndi njenjete, kuti zaka zake zioneke. Ndinali pomwepo akulitambasula pa mphasa, manja akunjenjemera.

Ine kachigawo kameneka ndikukayamikira, ndipo chomwe chimandichititsa kutero ndi zomwe ndinaona ku Tanzania. Kumeneko lamulo ndi louma. Kuyambira 1998, mwamuna wogona ndi mtsikana wosakwana zaka 18 amawerengedwa kuti wagwirira, kaya mtsikanayo anavomera kaya ayi, ndipo munthu wamkulu akapezeka wolakwa amalandira zaka 30. Mu 2016 anawonjezanso kuti wopereka mimba kwa mwana wasukulu kapena kumukwatira, nayenso ndi zaka 30. Poyamba nditamva ndinaombera m'manja, ndinati awa ndiye akudziwa kuteteza ana. Mayi wina amene ndimapikula kwa iye ku Kyela anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anati mtsikana akatenga mimba ya mnyamata amene amamukonda, dzina satchula. Amangoti anali munthu wodutsa. Makolo a mbali zonse amabisa, mnyamata amathawira kutali, ndipo mtsikana amachedwa kuyamba sikelo poopa mafunso. Mwana amabadwa bambo ake ali moyo koma osatchulika.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi choti dziko lomwelo la zaka 30 linasunga lamulo la maukwati la 1971, lolola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 15 makolo akavomera, ngakhale 14 khoti likalola. Ndiye kuti bambo wamkulu akapereka malowolo, mwana yemweyo wasanduka mkazi wake. Rebeca Gyumi, womenyera ufulu wa atsikana kumeneko, anakasuma za lamuloli ndipo anapambana mu 2016, boma linachita apilo, khoti la apilo linagwirizana naye mu 2019. Pakati pa zaka zimenezi, mu 2017, Pulezidenti John Magufuli analengeza kuti mtsikana wotenga mimba asabwererenso kusukulu za boma, ndipo chiletsochi chinachotsedwa mu November 2021, mu ulamuliro wa Samia Suluhu Hassan. Kuno ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka tili nayo kuyambira 1993. Pamenepa tinawatsogolera, ngakhale atsikana ambiri sabwererabe chifukwa chosowa womusiyira khanda ndi ndalama.

Ku Zambia zinthu zili mwina. Mlandu wogwirira mwana kumeneko umayang'ana mwana wosakwana zaka 16, ndipo chilango chake sichitsika pa zaka 15 m'ndende. Ukwati wa ana anautseka mu December 2023, kuphatikizapo maukwati a pachikhalidwe, omwe kale ankadutsa pansi pa lamulo. Anzanga a ku Chipata, omwe timalankhula nawo chinenero chimodzi ndipo ena ndi abale athu enieni, amati 16 ndi yabwino chifukwa ana a masiku ano akukula msanga. Ine sindigwirizana nawo. Mtsikana wa zaka 16 ndili naye m'nyumba. Thupi lakula, inde, koma sopo ndi mafuta odzola amapempha kwa ine, ndipo munthu womugulira foni ndi bandulo akhoza kumutembenuza mutu sabata imodzi. Zaka ziwiri za pakati pa 16 ndi 18 ndi zomwe achidyamakanda amasakasaka. A ku Zimbabwe anaziona zimenezi, ndipo mu 2022 khoti lawo loona za malamulo aakulu linagamula kuti chitetezo chifike pa zaka 18.

Ku Mozambique ndimangodutsa, koma ndikudziwa kuti mu 2019 anakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, ndipo kumapeto kwa 2018 anathetsa lamulo lomwe linkakankhira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku. Kwa ife a kum'mwera zimenezi n'zofunika, chifukwa malire a ku Mulanje, Mwanza ndi Nsanje munthu amawoloka wapansi, ndipo wothawa mlandu kuno sayenera kukapeza mpumulo kutsidya.

Dziko lomwe linandiphunzitsa kanthu pa nkhani ya ana okhaokha ndi South Africa. Kumeneko zaka zovomerezeka ndi 16, zomwe ndanena kale kuti sindizikonda. Koma lamulo lawo la 2007 linkati ana a zaka 12 mpaka 15 akagwirizana okhaokha, ngakhale kungopsompsonana, ndi mlandu, ndipo namwino, mphunzitsi kapena kholo lodziwa linayenera kukanena kupolisi. Bungwe lothandiza ana ozunzidwa la Teddy Bear Clinic linakasuma, ndipo mu 2013 khoti lalikulu la malamulo a dzikolo linagamula kuti kuwasandutsa anawo zigawenga kukuwaphwanyira ufulu komanso kukuwatsekera njira yopezera thandizo. Mu 2015 lamulo linakonzedwa. Khotilo silinanene kuti ana azigonana. Linanena kuti ana awiri akalakwitsa, wowathandiza ndi kholo, mlangizi ndi chipatala, osati unyolo. Mwana woopa kuti namwino akamunenera kupolisi sapita kukayezetsa magazi, sapita kusikelo, ndipo ena amathera kwa azitsamba kukachotsa mimba.

Ndiye papepala ife tinatola zabwino mbali zonse: zaka 18 zotchinga akuluakulu, ndi mpata wa zaka ziwiri woteteza ana okhaokha. Vuto langa lili pa mmene tikuligwiritsira ntchito lamuloli m'makwalala athu.

Chaka chomwe mnyamata wa pamzere wathu anagwidwa, kutsidya kwa msewu wathu, mtsikana wa zaka 15 wa Sitandade 8 anapezeka ndi mimba ya bambo wa zaka za m'ma 40, wa golosale ndi galimoto, wapabanja. Nkhani imeneyo kupolisi sinafike. Akuluakulu anakhala pansi madzulo, anati tikambirane pachiweniweni, tisaonongerane mbiri. Kunabwera matumba a chimanga ndi envulopu, mtsikanayo anamutumiza kumudzi kwa agogo ake. Bamboyo mpaka lero amatsegula golosale yake m'mawa uliwonse, ndipo ana asukulu amagula maswiti pomwepo. Mnyamata wa zaka 17 yemwe lamulo limamumvera chisoni anagona mchitokosi. Bambo yemwe lamulo linalembedwera sanaponde n'komwe pakhomo la polisi. Kusiyana kwawo kunali thumba. Ine ndinadziwa nkhaniyi ndipo sindinaimbe 116, nambala yaulere ya ana ija, poopa kudana ndi anthu. Chimenechi chimandiwawa mpaka pano.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera, ndipo amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Atsikana onsewa sangatetezedwe ndi ndende yokha. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ambirimbiri chifukwa inkalowa m'midzi, kuitana makolo ndi mafumu, n'kubwezera ana kusukulu. Kuno ku Blantyre tili ndi malo a Chikwanekwane ku chipatala cha Queen Elizabeth, komwe mwana wochitiridwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi. Tili ndi ofesi zothandiza ozunzidwa kupolisi, ndi bwalo la milandu ya ana. Koma zonsezi zimadikira munthu woti abweretse mwanayo.

Palinso malo awiri omwe ndikufuna aphungu athu awayang'anenso. Oyamba, mpata wa zaka ziwiri uja ndi wodzitetezera nawo mlandu ukayamba, choncho mwana akhoza kugwidwa kaye n'kuchita manyazi dera lonse zaka zake zisanawerengedwe. Wapolisi wolandira dandaulo azifunsa zaka za onse awiri asanatseke chitseko. Achiwiri, mpatawu ndi wa amene sanakwane zaka 18. Mnyamata wa Fomu 4 amene wakwanitsa 18 mwezi watha, chibwenzi chake chili ndi 17, lamulo likumuika m'gulu limodzi ndi bambo wa golosale uja. M'sukulu zathu, momwe ana amayamba mochedwa ndi kubwereza makalasi, anyamata otere ndi ambiri. Ndipo poti kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, achinyamata ambiri a lero alibe chiphaso cha kubadwa, zaka zawo zimadalira khadi la kusikelo ngati silinatayike.

Mtsikana wa pamzere wathu anabereka mwana wamkazi. Agogo awiriwo, omwe anatha miyezi osapatsana moni, tsopano amasinthana kulera khandalo, wina m'mawa wina masana, ndipo mayi ake wabwerera Fomu 2. Mnyamata uja analemba mayeso a Fomu 4, ndipo Loweruka amandithandiza kunyamula mabelo mu Limbe kuti apeze ya sopo ndi phala la mwana. Mtsikana wa zaka 15 uja sindinamuonenso chipitireni kumudzi.