Madzuwa atatu aja ndinawaona ndi maso angawa

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka ndinaponya chithunzi pagulu lathu la WhatsApp la anthu akumudzi, chithunzi chomwe ndinajambula ndekha kunyanja ya Loch Morlich, kufupi ndi Aviemore kuno ku Scotland. Dzuwa lili kuseri kwa mtengo wa paini, kumanja kwake kuli kadzuwa kena, kumanzere kenanso, mkombero utazungulira, nyanja yonse itauma gwa ndi chisanu. Sipanathe mphindi zisanu, achimwene ena, poganiza kuti chithunzicho n'chopeka pa kompyuta, alemba kuti: "Za AI izi, tisamanamizane." Basi. Osafunsa kuti unali kuti, osafunsa kuti zimatheka bwanji. Ena n'kumaika tinkhope toseka pansi pake.

Achimwene, chithunzicho n'chenicheni. Ndinaliko. Ndinaima pamenepo ndi miyendo yangayi.

Tsiku limene ndinajambulalo ndinaweruka ntchito ya usiku 7 koloko m'mawa. Anzanga akuthamangira kukagona, ine ndinalunjika kumapiri a Cairngorms. Kuno mu Januwale dzuwa silituluka 8 koloko isanakwane, ndipo likatuluka limangokwawa m'munsimunsi, pofika 5 koloko madzulo kwada bii. Galimoto inkaonetsa kuti kunja kwazizira madigiri -9. Ndinaima panja ola ndi theka, mphuno ikuwawa ngati wina akuitsina. Batire loyamba la kamera linafa theka la ola lisanakwane, chifukwa chisanu chimalimaliza msanga. Lachiwiri ndinalisunga m'thumba lamkati, pafupi ndi khungu, kuti lizimva kutentha kwa thupi. Magolovesi ndinachita kuvula kuti ndithe kudina, zala zinachita dzanzi mpaka kulephera kutseka zipi ya jekete. Ndiye munthu ali pa mpando, wavala malaya a manja aafupi, andiuze kuti ndapanga pa kompyuta?

Mukudziwa kuti chipale chofewa chimapusitsa kamera? Ikaona kuyera kochuluka chonchija imadetsa chithunzi yokha, chipale n'kutuluka chotuwa ngati phulusa la pamafuwa. Umayenera kuwonjezera kuwala wekha, kujambula, kuyang'ana, kubwereza. Ukapumira pafupi, mpweya wa m'kamwa umakaundana pagalasi, wayambanso kupukuta. Dzuwa ndinalibisa dala kuseri kwa mtengo uja kuti lisandipweteke maso komanso lisaphimbe timadzuwa tam'mbali. Pobwerera kamera ndinaimanga m'jumbo ndisanalowe m'nyumba, n'kuisiya maola awiri osaitsegula, kuopa kuti ikakumana ndi mpweya wofunda ichita thukuta mpaka mkati. Zonsezi ndi ntchito ya manja anga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha, ndinaona, ndinajambula.

Chimene chimachititsa n'chachidule: tizidutswa ta ayezi ta mbali 6 toyandama m'mwamba timakhotetsa kuwala, n'chifukwa chake timadzuwato timakhala madigiri 22 kuchokera pa dzuwa lenileni, mbali yoyang'ana dzuwa ili yofiirira. Azungu amati sun dogs. Zatha.

Ndipo musandiuze kuti ndi zachilendo kotheratu. Simunaonepo mwezi utazunguliridwa ndi mkombero usiku kumudzi? Simunaonepo mkombero wozungulira dzuwa masana, mitambo yopyapyala ili m'mwambamwamba? Ndi ayezi yemweyo, chifukwa kumwamba kumazizira ngakhale pansi pano tikutuluka thukuta. Tsiku lina mukadzauona, tambasulani mkono, mutambasulenso zala, chala chachikulu chiphimbe dzuwa, mudzapeza kuti chaching'ono chafika cha pamkomberowo. Agogo athu ankauona kulibe foni, kulibe AI. Iwonso ankanama?

Chimene chikundiwawa n'chakuti munthu sanafunse. Akanati "achemwali, izi zimakhala bwanji?" ndikanamutumizira zithunzi zonse za m'mawa umenewo, zopindika ndi zakuda zomwe, aone mmene timadzuwato tinayambira mpaka pamene tinazimirira. Koma ayi, chimene iye sanachionepo ndiye kuti kulibe. Chimene sichinachitike pakhomo pake ndiye kuti n'chabodza. Safunsa anadya phula. Kunditchula wabodza pamaso pa azakhali anga, pamaso pa ana a achemwali anga, pa chinthu chimene ndinachizizidwira, chimenecho ndiye sindilola. Ndikudziwa kuti zithunzi zopeka zachuluka pa intaneti, koma kuchuluka kwa mbava sikusandutsa aliyense wonyamula thumba kukhala mbava.

Ndikubwereza, achimwene: sindinawonjezere dzuwa, sindinapente mtundu, sindinaike fyuluta. Chimene chili pachithunzicho ndi chimene chinali kumwamba.

Ndiye pali ena inu. Lolemba chithunzi chomwecho chandipeza pa Facebook, dzina langa lomwe ndinalemba pakona mwalidula, pamwamba mwalembapo kuti madzuwa atatu aoneka, dziko likutha, tumizani kwa anthu 10. Mayi anga andiimbira usiku ali ndi mantha, akufunsa ngati kuno kuli bwino. Mayi wachikulire, wodwala BP, osagona chifukwa cha inu. Amene mwadula dzina langa pachithunzicho, muchichotse lero.