Chigololo si mlandu wa ku polisi, nanga ndalama ya soya?

Mwezi wa June chaka chatha akulu anga anafika kwathu ku Mchini m'mamawa, mwana kumsana, mapazi atayera ndi fumbi. Alamu anali atachoka kumudzi ndi matumba 28 a soya kudzagulitsa kuno ku Chipata, ndipo panali patatha masiku anayi foni ili yozima. Tinawapeza tsiku lachisanu pa loji ina, m'thumba mwatsala ya kabaza yokha. Mtsikana amene anali naye sanabise kanthu. Anati bamboyo amalipira usiku uliwonse, ndipo za mkazi kumudzi sanatchulepo.

Akulu anga anafuna kuti mwamuna wawo agone m'chitokosi. Tinapita limodzi kukadandaula, ndipo wapolisi amene anatilandira anatiyankha mwaulemu ndithu: "Amayi, chigololo si mlandu wa kuno. Pitani kwa ankhoswe kapena ku khoti." Ndinatuluka mtima ukuwira, koma wapolisiyo sananame. M'buku la milandu la dziko lino, Penal Code, mulibe mlandu wotchedwa chigololo. Ambiri amaganiza kuti popeza a Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndiye kuti tchimo lililonse lili ndi ndende yake. Ayi. Chomwe chingamangitse munthu ndi kukwatira wachiwiri pamene anamanga kale ukwati wa kwa boma pansi pa Marriage Act, chifukwa ukwati umenewo ndi wa mkazi mmodzi. Kwa a ukwati wotere, lamulo la 2007 la zothetsa maukwati limalola kukasudzula ku High Court ngati mnzako wachita chigololo ndipo sungathenso kukhala naye. Koma ife ambiri kuno kum'mawa tinakwatiwa pa mwambo, ndipo nkhani zathu zimathera kwa ankhoswe, kwa anyakwawa ndi ku khoti laling'ono.

Ku khoti laling'onoko ndiko mtima umandipweteka. Mwamuna akagwira mkazi wake ndi mwamuna wina, amasumira mnzakeyo, amalipidwa, nkhani n'kutha tsiku lomwelo. Mkazi akabwera ndi dandaulo lomwelo, kawirikawiri mawu oyamba amakhala akuti mwambo umalola mitala. Mitala yanji? Agogo athu akafuna mkazi wachiwiri ankauza woyamba, ankhoswe ankadziwa, nyumba inkamangidwa masana anthu akuona, ndipo aliyense anali ndi munda wake ndi nkhokwe yake. Kulipira chipinda usiku unayi ndi thukuta la mkazi wako si mitala. Tisanamizire makolo zinthu zomwe sanatiphunzitse.

Tsono za amene amagulitsa thupi. Lamulo silinena mwachindunji kuti kugula kapena kugulitsa ndi mlandu. Limaletsa kusunga nyumba ya uhule, kudyera ndalama za uhule, ndi kukopa anthu poyera. Koma shishita ikagwa usiku, amene amakwera galimoto ya apolisi ndi atsikana, pa mlandu woyendayenda popanda chifukwa. Bambo wa mphete pachala amakonza kolala n'kumapita kwawo. Malonda ndi a anthu awiri, manyazi agwera mmodzi. Ine mtsikana wa pa loji uja sindinamutukwane, ngakhale akulu anga ankafuna kumugwira pakhosi. Iye sanalonjeze kanthu pamaso pa amalume athu. Amene analonjeza ndi alamu.

Pali anzanga a ku tchalitchi amene amati boma lipange chigololo kukhala mlandu wa ndende. Ndimamvetsa kupweteka kwawo, koma sindigwirizana nawo. Lamulo lotero likabwera, oyamba kumangidwa adzakhala akazi, chifukwa mimba siibisika ndipo ndalama ya loya ili ndi mwamuna. Ndiponso mwamuna akakhala m'ndende, ana adya chiyani? Akulu anga akanapeza chiyani alamu atagona m'chitokosi mwezi wathunthu, kupatula kumakawapatsira nsima?

Chomwe ndikufuna tizikambirana ndi ndalama ija. Soya ameneyo akulu anga anabzala, anapalira ali ndi pakati, anamenya ndi ndodo pabwalo mpaka manja kutuluka matuza. M'matumba 28 amenewo munali feteleza wa chimanga cha chaka chotsatira, yunifolomu ya ana awiri ndi malata a nyumba imene imadontha. Munthu akatenga zonsezo n'kukazimwaza, walanda chakudya pakamwa pa ana ake. Apa lamulo silili chete monga tinkaganizira. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 limati kumana mnzako chuma chimene akufunika kuti akhale ndi moyo ndi nkhanza, ngakhale sunamukwezere dzanja. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imamva zotere. Ife tsiku lija tinalowa ndi mawu akuti chigololo, n'chifukwa chake tinabwezedwa. Tikanayamba ndi za soya ndi ana, nkhani ikanamveka mwina.

Ndipo pali china chomwe ankhoswe sakonda kutchula. Mwamuna akabwerako kumeneko amafuna kulowa m'nyumba ngati palibe chachitika, ndipo mkazi akanena za kondomu kapena kukayezetsa magazi amamutcha wamwano. Alangizi athu, inu amene munatiphunzitsa kuti mwamuna sakanizidwa, pamenepa tithandizeni kusintha mawu. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma, palibe chifukwa choti mayi atenge matenda chifukwa choopa kutchedwa wopanda mwambo.

Pa bwalo la ankhoswe amalume anayamba ndi mawu aja akuti banja n'kupirira. Akulu anga anagwada monga mwa ulemu, nati: "Amalume, ndapirira zambiri ndipo simunandimvepo. Koma asanalowe m'nyumba tikayezetse tonse, ndipo soya wa chaka chino ndikagulitsa ndine." Alamu anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anavomera. Chaka chino matumba anakwera ngolo akulu anga atakhala pamwamba pake, ndipo ndalama inalowa pa foni yawo. Malata agula 16, atsala 8 kuti denga lithe.