Achinyamata a ku Puerto Rico ndi Chingerezi: si ulesi ayi

Anzanga, nkhani ya Chingerezi ikabuka ine ndimaganiza za Puerto Rico, chilumba cha ku Caribbean chija. America inalanda chilumbachi m'manja mwa Spain mu 1898, ndipo kuyambira 1917 anthu ake ndi nzika za America. Mwana wa kumeneko amaphunzira Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba mpaka kumaliza sekondale. Koma papita zaka zoposa 120, ndipo pa kalembera anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amayankhabe kuti Chingerezi sachilankhula bwino kwenikweni. Pakhomo, pamsika, kutchalitchi, paliponse ndi Chisipanishi.

Ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti ana akumeneko ndi aulesi, alibe chidwi ndi sukulu. Ine ndikukana. Mwana wa zaka 15 sadana ndi chilankhulo popanda chifukwa. Amayamba waona kuti chabwera ndi ndani, ndipo chikufuna kumulanda chiyani.

Taonani momwe chinafikira. Kwa zaka pafupifupi 50, akuluakulu a maphunziro osankhidwa ndi boma la ku Washington ankangosinthasintha malamulo: lero masamu ndi sayansi ziphunzitsidwe m'Chingerezi kuyambira makalasi apansi, mawa ayi, ziyambire chapamwamba. Aphunzitsi ambiri eni akewo Chingerezicho chinkawavuta, ana nkumangoloweza mawu osawamva. Mu 1937 Pulezidenti wa America, Franklin Roosevelt, analembera kalata mkulu wa maphunziro, José Gallardo, yomulimbikitsa kuti Chingerezi chizike mizu pachilumbapo. M'chaka chomwecho mphunzitsi wina, Inés Mendoza, ntchito inamuthera chifukwa chotsutsa poyera zophunzitsa ana m'chilankhulo chachilendo. Mayi ameneyu pambuyo pake anakwatiwa ndi Luis Muñoz Marín, bwanamkubwa woyamba kusankhidwa ndi anthu eni ake. Mpaka mu 1949 m'pamene mkulu wina wa maphunziro, Mariano Villaronga, analamula kuti maphunziro onse m'sukulu za boma azichitika m'Chisipanishi, Chingerezi chikhale phunziro limodzi chabe.

Ndiye agogo a ana alerowa anakula akudziwa kuti Chingerezi ndi cha atsamunda. Andale nawonso sanachisiye. Mu 1991 bwanamkubwa Rafael Hernández Colón anasaina lamulo loti chilankhulo cha boma ndi Chisipanishi chokha. Mu 1993 bwanamkubwa wotsatira, Pedro Rosselló, wa chipani chofuna kuti chilumbachi chikhale chigawo chenicheni cha America, anabwezeretsa zonse ziwiri. Mwana ali m'kalasi akudziwa kuti kuchikonda kwambiri Chingerezi ena akumasulira kuti ndi mbali imene bambo ake amavotera. Muzisunga zimenezo mumtima musanamutchule kuti waulesi.

Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Gardner ndi Wallace Lambert, anafufuza mu 1959 ana a sekondale a ku Montreal omwe ankaphunzira Chifalansa. Anapeza kuti nzeru zokha sizikwanira. Momwe mwana amaonera eni chilankhulocho zimakhudza kwambiri khama lake. Iwo anasiyanitsa wophunzira pofuna ntchito kapena satifiketi, ndi wophunzira pofuna kucheza ndi kuyanjana ndi eni akewo. Kwa ine chifukwa chachiwirichi ndicho chimagwira mtima wa wachinyamata. Mukamuuza mwana wa fomu 2 kuti Chingerezi chidzamupezetsa ntchito, iye akuona ngati mukukamba za ukalamba wake. Chimene chikumudetsa nkhawa ndi choti anzake amuseka akalakwitsa katchulidwe, kapena amunena kuti akudzimva akalankhula bwino kwambiri. Mbali zonse ziwiri n'zowawa, choncho amangokhala duu. Ife a kuno tisadabwe nazo: tinkalangidwa tikalankhula Chichewa pasukulu, MSCE sitinkaiona tikalephera Chingerezi, komabe amene ankachilankhula pabwalo la mpira tinkamuti ndi wamatama.

Chosangalatsa n'chakuti mwana yemweyo, wosayankhula m'kalasi, usiku ali pa YouTube kapena akusewera magemu pa intaneti ndi anzake a ku Texas ndi Ohio, akukangana nawo m'Chingerezi mopanda manyazi. Palibe cholembera chofiira, palibe mbendera. Ndiye luntha lilipo, chidwi chilipo. Pamene pakusowa ndi m'kalasimo.

Kenako kunabwera mphepo yamkuntho ya Maria mu September 2017. Magetsi anazima kwa miyezi yambiri, mabanja zikwizikwi anasamukira ku Florida, chigawo cha America, makamaka ku Orlando ndi Kissimmee. Ana amene ankachitenga Chingerezi ngati phunziro lotopetsa anapezeka kuti popanda icho sangagule chakudya kusukulu kapena kumasulira amayi awo zonena za dokotala. Apa palibe amene anafunika kulimbikitsidwa. Koma tisanamizane kuti akangofika zonse zayera. Katswiri wa kaphunziridwe ka zilankhulo, Jim Cummins, anasonyeza kale kuti Chingerezi chochezera mwana amachigwira m'zaka ziwiri, pamene cholembera mayeso a sayansi ndi mbiri chimatenga zaka 5 mpaka 7. Wofika ali ndi zaka 16 nthawi imeneyo alibe, ndipo aphunzitsi akamumva akuseka ndi anzake m'Chingerezi amaganiza kuti akulephera dala.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Pachilumbapo ana a anthu opeza bwino amapita kusukulu zolipira, zambiri zophunzitsa m'zilankhulo ziwiri, ndipo palibe amawafunsa ngati ali ndi chidwi kapena ayi. Funso la chidwi limasungidwira mwana wa m'sukulu ya boma. Mu 2012 bwanamkubwa Luis Fortuño analengeza zoti sukulu za boma ziyambe kuphunzitsa m'zilankhulo zonse ziwiri, koma chaka chomwecho anagonja pachisankho. Zaka zotsatira, chifukwa cha ngongole za boma ndi kuchepa kwa ana, sukulu mazanamazana zinatsekedwa, ndipo aphunzitsi odziwa zilankhulo zonse ziwiri akhala akukopedwa ndi malipiro okwera a ku Florida ndi Texas.