Ku Argentina amachemerera galimoto, ku Brazil amachemerera dalaivala

Tikamva za Brazil ndi Argentina, ambirife maganizo amathamangira ku mpira, poti ndi kumene tidawadziwira. Koma anthu a maiko oyandikanawa ali ndi chinanso chowadzutsa m'mamawa Lamulungu: mpikisano wa magalimoto ooneka ngati omwe timakumana nawo mumsewu, aja ku America amawatcha stock car. Ine ndidayamba kuutsatira pa foni, madzulo a Lamulungu nditatseka galaja, ndipo chidandikoka poyamba si liwiro ayi. Anali anthu a kuseri kwa mpanda wa waya. Ndinkafuna kumvetsa chimene chimagwetsa misozi bambo wa imvi chifukwa choti galimoto ya mtundu wina yapitirira inzake pakona.

Ku Argentina mpikisanowu amautcha Turismo Carretera, mwachidule TC, ndipo udayamba mu 1937. Kalelo kunalibe bwalo. Ankathamanga m'misewu ya fumbi yolumikiza matauni, masiku angapo osapuma mokwanira, dalaivala ndi makaniko wake pambali. Anthu a m'midzi ankadikira m'mphepete mwa msewu khutu lili pa wayilesi, kenako n'kuona fumbi likutuluka kutali. Mu 1948 adachita mpikisano wochokera ku Buenos Aires mpaka ku Caracas m'dziko la Venezuela, mtunda woposa makilomita 9,000. Pa ulendo umenewo Juan Manuel Fangio adachita ngozi ku Peru, mnzake wokhala naye m'galimoto, Daniel Urrutia, n'kumwalira. Adapambana Domingo Marimón pa Chevrolet.

Fangio ameneyu dziko limamudziwa chifukwa chotenga kasanu ukatswiri wa Formula One, mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto opangidwira liwiro lokha, koma kwawo adayamba kutchuka pa TC, pomwe adapambana mu 1940 ndi 1941 akuyendetsa Chevrolet. Olimbana naye anali abale awiri, Oscar ndi Juan Gálvez, a Ford. Juan adatenga ukatswiri ka 9, Oscar kasanu. Mkangano wa Ford ndi Chevrolet udabadwira pamenepo, ndipo mpaka lero sudazime. Munthu amabadwira m'banja la Ford kapena la Chevrolet monga muja mwana wa ku Blantyre amapezera kuti kwawo ndi a Bullets kapena a Manoma asanadziwe n'komwe malamulo a mpira. Dodge ndi Torino nazo zili ndi anthu ake, ochepa koma ouma mtima. Ochemerera Chevrolet amadzitcha La 15, a Ford La 4, maina ochokera ku manambala a malo omwe ankakhala pa bwalo la ku Buenos Aires, lomwe lero limatchedwa ndi dzina la abale a Gálvez aja.

Muonetsetse zithunzi za kumeneko kamera ikachoka pa magalimoto n'kuloza anthu. Amafika masiku awiri kapena atatu mpikisano usanachitike, ena pa mabasi akale omwe adawasandutsa nyumba, ena pa malole. Amamanga nsanja za zitsulo pamwamba pa lole kuti aone bwino, pansi pake nyama ili pamoto kuyambira m'mawa, utsi tolo! Agogo, bambo ndi kamdzukulu, onse malaya a mtundu umodzi, kapu ya chakumwa chawo cha masamba chotchedwa mate ikuzungulira dzanja ndi dzanja. Ndiye magalimoto akatulukira onse pamodzi, injini za masilinda 6 ondandana zikulira mokuwa, nsanja yonse imagwedezeka ndi mbendera. Munthu wogwira sipanala ngati ine, kulira kumeneko kokha kumandiimitsa tsitsi ngakhale pa kasipika ka foni.

Chinsinsi chake ndikuchiona pa Ford Falcon. Galimoto imeneyi idapangidwa ku Argentina komweko kuyambira 1962 mpaka 1991. Inali takisi, inali galimoto ya mlimi, inali yonyamula banja kupita kunyanja. Ndiye bambo yemwe adaphunzirira chiwongolero pa Falcon ya atate ake, akamaiona ikutsogolera Lamulungu, amaona ngati wa kwawo ndiye akupambana. Formula One ndi yokongola, koma palibe adakwerapo galimoto yotero popita kumaliro kapena kuukwati. Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Sindibisa kuti chikondi chimenechi chidalipiridwa ndi magazi. Juan Gálvez adafera pa mpikisano ku Olavarría mu 1963. Roberto Mouras, wokondedwa wa anthu a Chevrolet, adamwalira ku Lobos mu 1992, Osvaldo Morresi mu 1994. Pofika 1997 adasiyiratu kuthamanga m'misewu ya anthu onse n'kulowa m'mabwalo otchingidwa, ndipo adachita bwino, kungoti adachedwa. Ngakhale m'mabwalomo imfa idawatsatirabe: Guido Falaschi, mnyamata wa zaka 22, adafera ku Balcarce, kwawo kwa Fangio, mu 2011.

Tiwoloke malire tsopano. Ku Brazil mpikisano wawo ndi wa dzulodzuloli poyerekeza, udayamba pa 22 Epulo 1979 pa bwalo la Tarumã, kummwera kwa dzikolo. Ndipo udayamba mosiyana kwambiri: magalimoto onse anali a mtundu umodzi, Chevrolet Opala. Ngati galimoto ndi imodzimodzi, wochemerera alibe mtundu woti aukakamire, maso ake amapita kwa munthu ali pa chiwongolero. N'chifukwa chake mbiri ya Stock Car ya ku Brazil ndi mbiri ya maina: Paulo Gomes yemwe adatenga chikho choyamba, Ingo Hoffmann yemwe adachitenga ka 12, Cacá Bueno kasanu. Mitundu ina idabwera pambuyo pake, Mitsubishi, Volkswagen, Peugeot, kenako Toyota Corolla mu 2020, koma inkabwera n'kumapita monga alendo. Palibe idakhala nthawi yoti mwana aikulire.

Chimene a ku Brazil adachidziwa bwino ndi kukonza mpikisano woti munthu asachotse maso. Pansi pa thupi la galimoto, mafupa ake ndi ofanana, kotero kusiyana kwa woyamba ndi wa nambala 20 kumakhala kochepa zedi. Adaika batani lomwe dalaivala akalidina injini imaonjezera mphamvu kwa masekondi ochepa, koma ali ndi maulendo owerengeka oti alidine, ndiye woonera amakhala akuwerengera naye limodzi: walidina msanga, amupeza kumapeto. Kwa zaka zambiri ankachita mipikisano iwiri tsiku limodzi, wachiwiri n'kutembenuza ndandanda ya 10 oyambirira kuti wopambana ayambire kumbuyo kwa anzake. Mu 2008 adayambitsa mpikisano wa mphoto ya madola miliyoni imodzi. Zonsezi ndi nzeru zokokera munthu wa pa TV, ndipo zimagwira ntchito. Komanso ndi kumene akatswiri a Formula One amabwerera akatopa ndi za kunja. Rubens Barrichello adatenga ukatswiri mu 2014 ndi mu 2022, Felipe Massa nayenso adalowa. Munthu yemwe ankadzuka usiku kuonera Barrichello ali pa Ferrari, lero amatha kugula tikiti pa bwalo la Interlagos ku São Paulo n'kumuona maso ndi maso.

Mukandifunsa kuti mpikisano wokoma kuonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi uti, nthawi zambiri ndinena wa ku Brazil. Kupitirirana kumachuluka. Ku TC kumapezeka masiku oti yemwe wayamba kutsogolo amangopita mpaka kumapeto, ena ali pamzere pambuyo pake ngati ngolo za sitima. Koma taonani chodabwitsa: tsiku lotero lomwelo, nsanja zija zimakhala zodzaza, ndipo anthu sachoka. Ku Brazil dalaivala akapuma pantchito, womutsatira amayenera kusaka wina. Ku Argentina dalaivala atha kukalamba, atha kusamuka, mbendera imatsala. Juan María Traverso adapambana pa Ford mu 1977 ndi 1978, n'kupambana katatu motsatizana pa Chevrolet kuyambira 1995, n'kubwereranso ku Ford kukapambana mu 1999. Mbali zonse ziwiri zidamukonda, zidamukwiyiranso, koma wa Ford adakhalabe wa Ford. Apa ndiye mtima wanga umapendekera ku Argentina. Chikondi chomangidwa pa batani ndi mphoto chimafuna kuchithirira chaka chilichonse, pomwe chija cholandira kwa atate chimapirira ndi chilala chomwe.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzinamiza, poti Falcon ya pa TC mkati mwake ndi mapaipi owotcherera, si Falcon ya mumsewu. N'zoona, ndipo ochemererawo amadziwa bwino kuposa ife. Sizinawasokonezepo. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Mu 2024 a TC adayamba kuchotsa matupi akale aja n'kubweretsa Ford Mustang, Chevrolet Camaro ndi Dodge Challenger. Ndi okongola, sindikana. Koma Mustang sidakhalepo takisi mumzinda wa Rosario ku Argentina, sidanyamulepo matumba a mbewu. Dzina la Ford lilipo, galimoto ya atate palibe.

Chaka chotsatira, mu 2025, a ku Brazil adapita njira ina. Adasiya magalimoto afupiafupi n'kutenga aja ataliatali omwe mabanja akugula masiku ano: Chevrolet Tracker, Mitsubishi Eclipse Cross ndi Toyota Corolla Cross. Poyamba ndidaona ngati sizikukhala, galimoto yopitira kumsika ili ndi phiko kumbuyo. Koma sabata ina kudabwera Corolla Cross pa galaja kudzasintha mabuleki, ndipo mnyamata wondithandiza, yemwe timaonera limodzi pa foni ija, adaizungulira kawiri asanagwire jeke, n'kundifunsa ngati ndi yomwe ija ya Lamulungu.