Mars sakonza injini ya ndege

Anthu inu mwanditopetsa. Wina waponya mu gulu lathu la WhatsApp kanema wa bambo wina wopenda nyenyezi, ati ngozi ya ndege ya Air India ija iye anaioneratu chifukwa pulaneti ya Mars inakhala pamalo oipa. Pansi pake anthu akuluakulu, ena ophunzira ndithu, ali "eee zoona, zinalembedwa." Zinalembedwa kuti? Analemba ndani? Mtima wanga wawira.

Ndege ija inanyamuka ku Ahmedabad pa 12 June 2025 kupita ku London ndi anthu 242. Sinathe ndi mphindi imodzi yomwe m'mwamba, inakagwera pa nyumba yogonamo ophunzira zaudokotala. Mwa onse anali m'ndegemo anapulumuka mmodzi yekha. Lipoti loyamba la ofufuza a ku India linati masiwichi awiri opereka mafuta ku mainjini anachoka pa RUN n'kupita pa CUTOFF, kutanthauza kuti mafuta anatsekedwa, ndege itangodzuka pansi. Masiwichi, abale anga! Tinthu togwira ndi zala, tili pakati pa mipando ya oyendetsa awiri aja. Funso lofunika yankho ndi lakuti tinasuntha bwanji. Mars akulowa pati apa?

Tsiku lililonse maulendo a ndege oposa 100,000 amachitika padziko pano. Tsiku limenelo ndege zinanyamuka ku Nairobi, ku Dubai, ku Ahmedabad komweko m'mawa mwake, zonse pansi pa Mars mmodzimodziyo, n'kukatera bwinobwino. Ndiye anasiya zonsezo n'kusankhapo imodzi? Anaona nambala yake?

Mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Ngozi isanachitike onse ali zii, ikangochitika aliyense anaiona kale. Kunena kuti "chaka chino kugwa ndege kwinakwake" ngakhale mwana wa sitandade 3 anganene. Ngati mumaonadi, tchulani tsiku, tchulani ndegeyo, imbani foni ku bwalo la ndege anthu asanakwere. Kaya ndi mantha, kaya ndi kufuna kutchuka pa TikTok, zimenezo n'zanu, koma musadyere pa maliro a anzanu.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mukati ndi nyenyezi, mwamasula munthu amene anayenera kuyankha. Nyenyezi siingaitanidwe kukhoti. Siingachotsedwe ntchito. Siisayina pepala lakuti ndege yayenderedwa ndipo ili bwino. Amasayina ndi munthu, ali ndi dzina, amalandira malipiro pakutha pa mwezi.

Taonani za ndege za mtundu wa Boeing 737 MAX. Ya Lion Air inagwa mu October 2018, anthu 189 anafa. Ya Ethiopian Airlines inagwa mu March 2019 itangochoka ku Addis Ababa, anthu 157. Ofufuza anapeza kuti pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS inkakankhira mphuno ya ndege pansi podalira kachipangizo kamodzi kokha koyeza mmene ndege yapendekera, ndipo oyendetsa ambiri sanauzidwe n'komwe kuti m'ndege muli chinthu choterocho. Ndege zonse za mtundu umenewu zinaimitsidwa pafupifupi zaka ziwiri mpaka zitakonzedwa. Achibale a anthu 346 aja akanati "ndi mapulaneti," akanakonza chiyani? Yachitatu ikanagwa basi.

Ku Pakistan mu December 2016, ndege ya kampani ya dzikolo ya PIA itagwa, ogwira ntchito ena anapha mbuzi yakuda pabwalo la ndege ku Islamabad kuti achotse tsoka. Mu 2020 inagwanso ina ku Karachi, ndipo nduna yoona za ndege inauza nyumba ya malamulo kuti mwa oyendetsa ndege 860 a dzikolo, 262 anali ndi ziphaso zokayikitsa. Mbuzi inafera chabe. Vuto linali m'mafayilo a muofesi.

Ndipo ife tisamaloze a ku India ngati kwathu kulibe. Ndege ya asilikali itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kutitengera Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, aneneri angati anatulukira kuti anaonetsedwa kale? Facebook yonse inadzaza maloto ndi masomphenya. Koma akatswiri a ku Germany atafufuza, anapeza kuti m'ndegemo munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, ndipo kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera batire lake linatha ntchito mu 2004. Zaka 20, abale! Anthu anachezera usiku wonse kusakasaka m'nkhalango muja, ndege n'kupezeka mawa lake. Nanga mwa aneneri onse aja, bwanji panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonetsedwa batire?

Inunso a admin, munthu akaponya malonda a nkhuku mumamuchotsa nthawi yomweyo, koma kanema ameneyu wakhala kuyambira m'mawa simunamukhudze.