Mukuphunzitsa ana utsogoleri kapena kuba?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mphwanga wangobwera kumene kuchokera ku maphunziro a utsogoleri wa achinyamata omwe bungwe lina linakonza ku Salima. M'holo anawauza za kukhulupirika, kuchita zinthu poyera, kukana ziphuphu. Pomaliza, bambo yemweyo amene amaphunzitsa uja anatulutsa fomu ya alawansi, polemba ndalama pali mbee, n'kunena kuti "ingosainani apa ana inu, zinazo tikadzaza ku ofesi." Mtsikana wina atafunsa chifukwa chosainira pepala lopanda chiwerengero, anamuyankha kuti ngati safuna ya thiransipoti abwerere wapansi. Anasaina mutu uli pansi.

Ndiye mundiuze, anawo aphunzira chiyani? Aphunzira fomu ija basi! Zolemba pa bolodi aiwala asanafike pa depoti, koma fomu ija sadzaiwala. Mwawaonetsa kuti mtsogoleri amalankhula zabwino masana, madzulo n'kuba. Mwawaonetsa kuti wofunsa mafunso ndiye wovuta. Mwana samvera zomwe mukunena, amatengera zomwe manja anu akuchita. Make mbuu, mwana mbuu.

Anthu amene anaba ndalama za boma ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013 sanali mbuli ayi. Anali ophunzira, a madigiri ndi masatifiketi awo. Ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la mu bajeti, ovutika tinali ife kumudzi. Mukuganiza kuti anayambira pa mabiliyoni? Anayambira pa tizinthu ngati timeneti, kusainira zomwe sanalandire, wamkulu akuwauza kuti ndi mmene zimayendera.

Ena anena kuti malipiro ndi ochepa, zinthu zadula. Zadula kwa tonse, nanga tonse tikuba? Ngati simungathe kupereka K10,000 ya mwana wa mwini yonse yathunthu, musayime kutsogolo kwake n'kumatchula mawu oti kukhulupirika. Khalani pansi. Satifiketi yanuyo sipanga munthu kukhala mtsogoleri pomwe inu woipereka muli ndi dzanja lalitali.

Komanso bwanji maphunziro onsewa amakachitikira kunyanja? Ofesi ili ku Lilongwe, ana ndi a ku Lilongwe, maholo ali mbwee mumzinda momwemo, koma mpaka Salima kapena Mangochi kuti mulandire ya malo ogona. Manyazi mulibe?