Mapointi 96 osakwera, mapointi 73 n'kukwera: mpira wanji umenewu?

Mtima wanga sukuphwa pa zomwe zinachitikira York City. Ligi ya National League, yomwe ndi yachisanu pa mndandanda wa ma ligi a ku England, itatha mu 2025, York inathera pa nambala 2 ndi mapointi 96, Oldham Athletic inathera pa nambala 5 ndi mapointi 73. Amene anakwera kupita ku League Two, ligi ya pamwamba pake, ndi Oldham. York inatsala pomwepo, kuti mu Ogasiti ikayambirenso opanda pointi ngakhale imodzi. Kusiyana kwa mapointi 23, abale anga! Ndiye kuti York inapambana masewero 7 owonjezera n'kufanana mphamvu kawiri pamwamba pa zomwe Oldham inakolola. Thukuta lonselo la miyezi 9, masewero 46, linafufutidwa usiku umodzi pomwe Oldham inabwera pabwalo la York n'kuwakwapula 3-0 mu semifainolo ya masewero olimbirana malo achiwiri okwera. Ine ndikuti chimenechi n'chinyengo, ndipo wina asabwere kudzandiuza kuti ndiye kukoma kwa mpira.

Oldham sindikuyida. Anasewera motsatira malamulo omwe anawapeza, anaswa Halifax 4-0, anaswa York, kenako pa 1 Juni anakagonjetsa Southend United 3-2 pa Wembley m'nthawi yowonjezera. Asangalale, n'zawo. Mkwiyo wanga uli pa lamulolo. Ligi ya matimu 24, yokwera mosavuta ndi imodzi yokha, katswiri basi. Malo achiwiri amalimbirana matimu 6, kuyambira nambala 2 mpaka nambala 7. Southend yomwe inafika mu fainoloyo inathera pa nambala 7, mapointi 28 kumbuyo kwa York, ndipo inangotsala pang'ono kukwera. Pamene pansi pa ligi yomweyo amadula matimu 4 chaka chilichonse. Okwera awiri, odulidwa anayi. Tsono yang'anani League Two, yomwe ili pamwamba pake penipeni: okwera 4, odulidwa 2. Kuchoka ku League One amakwera 3, kuchoka ku Championship amakwera 3. Chavuta n'chiyani pamenepa pokha?

Timu ikangodulidwa mu League Two, yagwera m'malo omwe potulukira pake anapapanikiza dala. Ndi mfundo yanga imeneyi ndipo ndiyibwereza mpaka itopetse. Kugwa n'kophweka, chaka chimodzi choipa, mwini timu wosasamala, ngongole, basi wapita. Kubwerera n'kumene anakumangira minga. York yomweyi inadulidwa mu 2004, inavutika zaka 8, inabwerera mu 2012, inadulidwanso mu 2016, chaka chotsatira n'kutsikiranso ku National League North komwe inakhala mpaka 2022. Pofika 2025 inadzikoka, inamanga timu, wosewera wawo Ollie Pearce anagoletsa zigoli kuposa wina aliyense mu ligi, masapota anadzaza bwalo, ndiye mphotho yake n'kuuzidwa kuti bwerani chaka chamawa. Munthu walima munda wonse, wapalira, wabandira, tsiku lokolola nkhokwe mukuipereka kwa amene anabwera ndi khasu dzulo madzulo.

Ndipo si koyamba. Wrexham, yomwe lero aliyense akuitchula chifukwa cha eni ake, akatswiri a zisudzo a ku Hollywood Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney, inadulidwa mu 2008 itakhala mu ligi zaka 87. Inatenga zaka 15 kuti ibwerere. Zaka 15! Mwana wobadwa chaka chomwe inadulidwa anafika ku sekondale asanaonepo timu ya kwawo ikusewera mu League Two. Mu 2012 Wrexham inapeza mapointi 98, inathera kumbuyo kwa Fleetwood Town, Luton Town n'kuitulutsa m'masewero olimbirana malo achiwiriwo. Mapointi 98 osakwera. Mu 2022, ndalama za ku Hollywood zitalowa kale, inatheranso pa nambala 2, Grimsby Town n'kudzaichinya 5-4 pakwawo. Kuti ituluke zinatengera mapointi 111 mu 2023. Ganizirani bwino pamenepo: timu yokhala ndi eni ake olemera chotero inalephera ulendo woyamba. Nanga timu ya m'tauni yaing'ono yomwe imadalira ndalama za pakhomo lolowera ndi masapota ogula malaya, itani?

Chaka chomwecho cha 2023 ndi chomwe chinayenera kuwachititsa manyazi onse oyendetsa mpira ku England. Notts County, timu yomwe inakhazikitsidwa mu 1862, inapeza mapointi 107, inagoletsa zigoli 117, Macaulay Langstaff yekha anamwetsa 42. Mu ligi ina iliyonse amenewo ndi akatswiri opanda wotsutsa. Koma poti Wrexham inali ndi 111, Notts County anaiponya m'gulu la olimbirana. Mu semifainolo Boreham Wood inatsogola 2-0, Notts inabweza chigoli chofananitsa mphamvu m'mphindi zowonjezera, mpira utatsala pang'ono kutha. Mu fainolo Chesterfield inatsogola mpaka John Bostock anabweza kutatsala mphindi zochepa, nkhani inakathera ku mapenate. Notts inapulumukira pakamwa pa mkango. Anthu anawomba m'manja kuti eee mpira wokoma. Ine ndinkangoti, timu ya mapointi 107 ikufunanji ku mapenate? Goloboyi akanangoterereka kamodzi, chaka chonsecho chikanapita m'madzi, Langstaff akanagulidwa, timu ikanaphwasuka. N'zomwe zimachitika: ukalephera, matimu a pamwamba amabwera kudzatola osewera ako abwino ndi mphunzitsi yemwe, iwe n'kuyambiranso kumanga.

Ena amati matimu a National League ndi ofooka, akakwera atatu adzangotsitsa mpira wa League Two. Bodza lamkunkhuniza. Chiyambire kukwera kosadalira mavoti mu 1987, palibe timu yomwe inakwera kuchoka mu ligi imeneyi n'kudulidwanso chaka chotsatira chomwecho. Palibe. Luton Town inadulidwa mu 2009 atailanda mapointi 30, inakhala pansipo zaka 5, inagonja mu fainolo kawiri, kwa AFC Wimbledon mu 2011 ndi kwa York mu 2012. Itangotuluka mu 2014, pofika 2023 inali mu Premier League ikusewera ndi Manchester City ndi Liverpool. Stockport County inadulidwa mu 2011, inabwerera mu 2022, mu 2024 inatenga ukatswiri wa League Two. Wrexham yakwera katatu motsatizana, mu 2025 n'kufika mu Championship. Ndiye kuti timu zimenezi zimavutika kwambiri kutuluka mu National League kuposa kudutsa ma ligi a pamwamba pake. Kodi zimenezi zikumveka kwa munthu wamutu wake? Ofooka ali kuti apa? Ofooka ndi aja amathera pa nambala 21 ndi 22 mu League Two chaka ndi chaka, osadulidwa, poti lamulo likuwafungatira.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu, amene amavota kuti lamulo lisinthe ndi matimu 72 omwewo a EFL, bungwe loyendetsa Championship, League One ndi League Two, ndipo palibe amafuna kuwonjezera mpando wa odulidwa womwe angadzakhalepo yekha.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Amene akukana lero ndi omwe adzalire mawa. Oldham yomweyi inali m'gulu la matimu oyambitsa Premier League mu 1992, mu 2022 inapezeka ili mu National League, timu yoyamba yomwe inalawapo Premier League kugwa mpaka kumeneko. Southend inakhala mu ligi zaka 101 isanadulidwe mu 2021. Rochdale zaka 102, inadulidwa mu 2023. Scunthorpe United inali mu Championship mu 2011, pofika 2023 inali ku National League North. Yeovil Town inali mu Championship mu 2014, pofika 2023 inali ku National League South. Mu 2025 anatsika ndi Carlisle United ndi Morecambe. Onsewa tsiku lina anali m'chipinda chovotera, akudziona ngati otetezeka. Chaona mnzako chapita. Ukatseka khomo uli m'kati, kumbukira kuti tsiku lina udzagogoda uli panja.

Mtima umenewu ndi wakalekale. Chisanafike chaka cha 1987 kunalibe n'komwe kudulidwa, matimu othera pansi ankangopempha anzawo kuti awavotere akhalebe, ndipo nthawi zambiri anzawowo ankawavotera. Hartlepool inapempha ka 14 ndipo ka 14 konseko inapulumuka. Mu 1980 Altrincham, akatswiri a ligi ya pansiyo, analephera kulowa ndi voti imodzi yokha, Rochdale n'kutsala. Atavomera kuti katswiri azikwera, anapeza njira ina: Kidderminster Harriers mu 1994, Macclesfield Town mu 1995 ndi Stevenage Borough mu 1996, onse anatenga ukatswiri, onse anakanizidwa ati mabwalo awo sanafike pa muyezo. Zaka zitatu zotsatizana osakwera aliyense, osadulidwa aliyense. Malo achiwiri anawavomera mu 2003. Pofika 2025 panali patapita zaka 22, palibe chinasuntha. Mu Febuluwale 2025 matimu a National League anayambitsa kampeni ya 3UP, kupempha malo atatu basi, yankho lake linali loti dikirani kaye, tikambirane kaye, nkhaniyi iyendere limodzi ndi za kagawidwe ka ndalama. Adikire mpaka liti? Zaka 22 sizinakwane?

Pamene akudikirapo matimu akufa. Sindikunena mophiphiritsa, kufa kwenikweni. Chester City inadulidwa mu 2009, mu 2010 inathetsedwa. Darlington inadulidwa mu 2010, mu 2012 inagwa ndi ngongole. Hereford United inadulidwa mu 2012, mu Disembala 2014 khoti linaitseka. Macclesfield Town inadulidwa mu 2020, patangopita masabata ochepa inathetsedwa. Inde, ambiri mwa matimu amenewa anali ndi eni ake osalongosoka, zimenezo sindikana. Koma taganizani mmene zimakhalira. Ndalama za pa TV zomwe unkalandira mu League Two zimatha, kathandizo ka odulidwa n'ka zaka ziwiri zokha, thandizo la akademi ya ana nalo limadzaduka. Bwalo ndi lomwelo, antchito ndi omwewo, osewera ndi olembedwa ntchito ya tsiku ndi tsiku, maulendo ndi a dziko lonse, kuchoka ku Gateshead kumpoto mpaka kumwera kwenikweni. Ndipo poti malo otsimikizika ndi amodzi, aliyense amabetcha ndalama zomwe alibe kuti atenge ukatswiri. Mmodzi yekha amapambana, enawo amatsala ndi ngongole. Lamulo lomwelo ndi lomwe likukankhira matimu kuphompho, kenako oyendetsa mpira n'kumadabwa kuti bwanji akuwononga ndalama chonchi.

Torquay United ndi yomwe imandiwawa koposa. Inadulidwa mu 2014. Mu 2021 inathera pa nambala 2, inafika mu fainolo ndi Hartlepool ku Bristol, goloboyi wawo Lucas Covolan anathamangira kutsogolo n'kugoletsa ndi mutu m'mphindi zowonjezera. Anagonja pa mapenate. Pakanakhala malo atatu, chaka chimenecho Torquay ikanakwera popanda mapenate aliwonse. Patangopita zaka ziwiri inatsikira ku National League South, mu 2024 inagwa m'mavuto a zachuma mpaka kulandidwa mapointi. Tauni yonse inalangidwa chifukwa cha penate imodzi. Anthu amene sasapota matimu ang'onoang'ono sangamve, amaona ngati ndi mpira wa masewera. M'matauni amenewa timu ndi ya agogo, ya bambo, ya mwana, ndi komwe anthu amakumana Loweruka masana. Munthu wazaka 70 wa ku York amene waona mapointi 96 akupita pachabe, mukumuuza kuti adikire chaka china, ali ndi zaka zingati zodikira?

Mundimve bwino, masewero olimbiranawo asathe, ndi okoma ndipo amapatsa chiyembekezo matimu a pakati. Koma nambala 1 ndi nambala 2 azikwera mosavuta, wachitatu azichokera m'masewerowo. League Two izidula atatu. Palibe chovuta apa, palibe chofuna komiti, palibe chofuna kafukufuku. Ngakhale mwayi womwe amati nambala 2 ali nawo ndi wachabechabe: York inakhala pafupifupi masabata awiri osasewera ikudikira, Oldham inabwera miyendo ili yotentha itangomaliza kuswa Halifax. Sewero limodzi, lopanda lachibwereza. Mu League Two semifainolo amasewera kawiri, pakwanu ndi koyenda, ukalakwitsa tsiku loyamba uli ndi pokonzera. Kuno ayi, mphindi 90 zatha, pitani kwanu.

Ndipo kunyozeka kwa ligi imeneyi sikuthera pa malo okwera okha. Taonani za matikiti a fainolo ija ya Oldham ndi Southend pa Wembley. Bwalo lolowa anthu 90,000, matimu awiri okhala ndi masapota ochuluka, koma poyamba anawapatsa matikiti ochepa ati poti siteshoni ya sitima ya Wembley Park ikhala yotseka tsikulo, akukonza njanji. Tsiku la fainolo linadziwika kalekale, za njanjizo sanazione? Zikanakhala Arsenal ndi Chelsea, ndani akanayerekeza kutseka siteshoni? Zinatengera masapota kukuwa, aphungu a nyumba ya malamulo kulowererapo, ndiye n'kuwonjezera matikiti monyinyirika. Analowa anthu 52,115, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekepo pa fainolo ya ligi imeneyi, mipando ina yambirimbiri ili mbee, pamene anthu ofuna kulipira ndalama zawo anatsala kunyumba. Sutton United itakwera mu 2021 anaikakamiza kuzula kapinga wa pulasitiki yemwe ankaibweretsera ndalama sabata yonse, Bromley chimodzimodzi mu 2024. Ukhale pansi akuponda, ukwere akulipiritsa. Zandikwana.